Dzanja ndi Masipelo: Kuthandiza Wophunzira wa Sekondale Kulemba Chimangirizo Chomveka

M'kalasi iliyonse ya Fomu 3 mumapezeka mwana amene akayamba kufotokoza nkhani pakamwa anzake amangoti zii kumvetsera, koma mukamupatsa pepala amatulutsa tindime tiwiri tosalongosoka. Aphunzitsi ambiri amati ndi ulesi, ena amati mwanayo sawerenga mabuku. Nthawi zina zimakhaladi choncho. Koma musanagamule, yang'anani kaye dzanja lake ndi masipelo ake, chifukwa zinthu ziwirizi zimatha kudya maganizo a mwana asanafike papepala.

Mutu wa munthu umagwira zinthu zochepa panthawi imodzi. Polemba chimangirizo, mwana amayenera kukumbukira mfundo imene akufotokoza, chiganizo chimene wayamba, mawu otsatira, malembo a mawuwo, ndi kayendetsedwe ka cholembera. Ngati malembo ndi dzanja zikuyenda zokha, mutu wonse umatsalira mfundo. Ngati akuima kuti aganize kuti "nkhondo" ili ndi h kapena ayi, pobwerera amapeza theka la chiganizo lathawa. Zili ngati wakabaza: wozolowera amapalasa uku akucheza ndi kasitomala, uku akuzemba maenje, pomwe wophunzira kumene maso amangokhala pa mapedulo. Virginia Berninger wa ku University of Washington ndi anzake adafotokoza zimenezi kalekale pofufuza ana apulayimale, ndipo ambiri ankayesa kuti vutoli limathera komweko. Koma mu 2005 Carol Christensen ku Australia adapeza kuti ophunzira a sekondale amene adathandizidwa kufulumiza dzanja adayamba kulemba nkhani zazitali ndi zolongosoka kuposa kale. Mu 2017 Teresa Limpo ndi anzake ku Portugal adapezanso kuti pakati pa ana a makalasi a 7 ndi 8, liwiro la dzanja ndi masipelo zimakhudza kakonzedwe ka mfundo ndi kapangidwe ka ziganizo, ndipo kudzera m'menemo zimakhudza nkhani yonse.

Kwa ife nkhaniyi ndi yaikulu chifukwa mayeso a JCE ndi MSCE amalembedwa pamanja, ndi nthawi yowerengeka. Tinene kuti funso likufuna mawu 400. Mwana wolemba mawu 20 pamphindi amaliza m'mphindi 20, n'kutsala ndi nthawi yokonza mfundo ndi kuwerenganso. Wolemba mawu 10 pamphindi afunika mphindi 40 zongoyendetsa cholembera, osawerengera zoganiza. Komanso wochonga ndi munthu. Ali ndi mulu wa mapepala patsogolo pake, ndipo mawu amene sangathe kuwawerenga sangawapatse malikisi.

Yambani ndi kuyeza

Musayambe kuchiza musanadziwe pamene pakupweteka. Ntchito zitatu izi zimatheka mu piriyodi imodzi, ngakhale m'kalasi ya ana 80, ndipo zimangofuna wotchi ya pafoni.

Choyamba, ana alembe alifabeti yonse kuchokera m'mutu, m'malembo aang'ono, mobwerezabwereza kwa mphindi 1. Awerenge malembo ooneka bwino okha. Chachiwiri, lembani pabolodi chiganizo chimodzi cha mawu 8 kapena 10, akopere mobwereza kwa mphindi 2, poyamba mwaluso lawo lonse, kenaka mwaliwiro lawo lonse. Chachitatu, apatseni mutu wosavuta, monga "Tsiku la msika kwathu", aganize kwa mphindi 1, alembe kwa mphindi 10. Mphindi 2 zilizonse nenani kuti "chongani", iwo aike kamzere pamene afika n'kupitiriza.

Timizere timeneti ndi timene timaulula zambiri. Mwana amene mawu ake akucheperachepera pakati pa timizere, ndipo malembo akunka nakula kapena kupendekeka, dzanja likutopa. Amene amakopera mwachangu koma polemba za m'mutu n'kutsalira kwambiri, dzanja lilibe mlandu. Vuto lili pa masipelo, pa kusowa mawu kapena pa mfundo. Amene akuchedwa pa ntchito zonse zitatu, ngakhale pa alifabeti, ndiye wofunika masewera a dzanja. Musavutike kufuna nambala yoti ndiyo "yoyenera" pa msinkhu wawo. Fananizani mwana ndi anzake a m'kalasi momwemo, kenaka ndi iye mwini pakatha masabata 6. Ana amene ali pansi penipeni pa mndandanda ndiwo oyamba nawo.

Pomaliza asinthane mapepala. Mnzake azunguze mawu aliwonse amene sakutha kuwawerenga popanda kungoganizira, m'mawu 50 oyambirira. Mwana amakana akauzidwa ndi mphunzitsi kuti salemba zooneka, koma mnzake wa pa desiki akalephera kuwerenga, amavomera.

Kukonza dzanja

Cholinga si kukongola. Pali ana, makamaka amene ankayamikiridwa ku pulayimale, amene amajambula malembo m'malo molemba. Kope lawo ndi losiririka, koma pa mayeso samaliza. Chofunika ndi malembo owerengeka, otuluka msanga, osatopetsa.

Tembenuzani tsamba limene mwana walemba, mulisisite kumbuyo ndi chala. Ngati mukumva mizere yotumphuka, akudinikiza kwambiri, ndipo ndicho chimene chimachititsa dzanja kuwawa pakatha mphindi zochepa. Kawirikawiri gwero lake ndi bolopeni youma imene imafuna kukakamiza, kapena kulembera pabondo. M'masukulu ambiri oyendera madesiki sakwanira, choncho kathabwa kopyapyala kapena katoni yolimba yoika pansi pa kope imathandiza kwambiri. Pomuyesa, ikani mapepala 3 pansi pa limene akulembapo, mumuuze kuti alembe mwakuti pepala lachiwiri lisaoneke zipsera. Zala zigwire masentimita 2 kapena 3 kuchokera kunsonga ya cholembera. Kagwiridwe kachilendo, malinga ngati sikakupweteka ndiponso sikakuchedwetsa, kasiyeni. Kusintha kagwiridwe ka mwana wa zaka 15 kumatenga miyezi, phindu lake n'kukhala lochepa.

Pepala lisaime chilili patsogolo pa chifuwa. Wolembera kumanja alipendeketse mutu wake kuloza kumanzere, wamanzere alipendeketsere kumanja, ndipo dzanja likhale kunsi kwa mzere kuti lisaphimbe kapena kufufuta zimene walemba. Wamanzere akhale kumapeto a kumanzere kwa desiki kuti zigongono zisagundane ndi mnzake. Zomukakamiza kusintha dzanja zija zidatha ntchito.

Tsopano malembo enieniwo. Musabwereze alifabeti yonse ngati Sitandade 1, achinyamata amanyansidwa nazo. Mwa ana ambiri, malembo osokoneza amakhala 4 kapena 5 okha. M'Chichewa oyamba kuwayang'ana ndi m, n, u ndi w, chifukwa amakonda kutsatana. Mawu monga "mwamuna", "munthu", "mumvere" ndi "wamwano", akalembedwa mothamanga, amasanduka mafunde okhaokha. Ndipo apa tanthauzo limasinthiratu: "anapita" ndi "amapita" zimasiyana ndi mwendo umodzi wa lembo, koma ina ndi zochitika kamodzi kale, ina ndi chizolowezi. Chimodzimodzi a wosatseka pamwamba amaoneka ngati u, ndiye "akudziwa" n'kukhala "ukudziwa", ndipo m'kalata yopita kwa munthu wamkulu mwana amaoneka wamwano asanapalamule. Muphunzitseni kuti m ndi n zikhale zozungulira pamwamba, u ndi w zozungulira kapena zosongoka pansi, ndipo a, o, d ndi g azitseka. Malembo okwera, b, d, h, k, l ndi t, azioneka kuti akwera. Mwana akafupikitsa h, "khala" imawerengeka "knala". Otsika, g, j, p ndi y, azitsikadi pansi pa mzere. Pakati pa mawu pazikhala mpata wokwana lembo o.

Kachitidwe kake ndi aka: mphindi 10, katatu kapena kanayi pasabata, kwa masabata 6 mpaka 8. Mphindi 3 zoyamba alembe malembo ake ovuta aja, mzere umodzi lembo lililonse, n'kuzunguza limene latuluka bwino koposa. Mphindi 4 zotsatira alembe mawu okhala ndi malembowo. Mphindi 3 zomaliza akopere ndime mwaliwiro, awerenge mawu, alembe nambalayo kumapeto kwa kope pamodzi ndi tsiku. Kuona nambala ikukwera sabata ndi sabata kumalimbikitsa mwana kuposa mawu alionse a mphunzitsi. Ola lathunthu kamodzi pasabata siligwira ntchito mofanana, chifukwa dzanja limaphunzira ndi kubwereza pafupipafupi, ndipo likatopa limabwerera ku chizolowezi chakale.

Za kulumikiza malembo musalimbane nazo. Ana ambiri othamanga amasakaniza, ena olumikiza ena oima paokha, ndipo palibe cholakwika. Chimene muyenera kuletsa ndi kulemba chimangirizo chonse m'malembo aakulu: kumachedwetsa, ndipo wochonga sangaone ngati mwana akudziwa poika lembo lalikulu.

Wina anganene kuti ana athu amakopera manotsi masamba ndi masamba tsiku lililonse, nanga dzanja lingachedwe bwanji? Imani kumbuyo kwa kalasi muwaone. Ena amadzutsa mutu pa lembo lililonse kapena pa phatikizo lililonse. Aphunzitseni kuwerenga mawu 3 kapena 4 pabolodi, kuwasunga m'mutu, n'kuwalemba osayang'ananso. Kukopera kotere kumalimbitsa masipelo nthawi yomweyo.

Masipelo a Chichewa

Chichewa chimalembedwa pafupifupi monga momwe chimamvekera, n'chifukwa chake ana amachipeputsa, n'kumataya malikisi pa zinthu zochepa zomwezomwezo. Malamulo a kalembedwe adakhazikitsidwa ndi bungwe la Chichewa Board, ndipo ntchito yosamala chiyankhulo pano ili m'manja mwa Centre for Language Studies ya University of Malawi ku Zomba. Zolakwika zambiri za m'makope zimagwera m'magulu anayi.

Gulu loyamba ndi h wa mpweya. "Panga" si "phanga", "kola" si "khola", "mpira" si "mphira". Mwana aike chikhatho pafupi ndi pakamwa n'kutchula mawu awiriwo. Pamene wamva kampweya kakuwomba, pali h. Muuzeninso kuti n akatsogolera k kapena t m'phatikizo limodzi, h amabwera: nkhuku, nthochi, nthawi. Koma m wa "mtengo", "mkaka" ndi "mpando" ndi phatikizo loima palokha, choncho salamula h.

Lachiwiri ndi l ndi r, limene khutu silingathandize chifukwa pakamwa ambiri sitizisiyanitsa. Lamulo ndi loti r amabwera pambuyo pa e kapena i, monga m'mawu akuti "mchere", "mbiri", "kulira", "kuwerenga", ndipo l amabwera pambuyo pa a, o, u ndi poyambira mawu, monga "malo", "ufulu", "lero". Pamene ana amagwa ndi pa tsinde loyamba ndi l limene latsogoleredwa ndi mphatikiram'mbuyo (kagawo kobwera tsinde lisanayambe) wothera ndi i. Pamenepo l sasintha: "chilembo", "ndilemba", "tilibe", "chilala". Akakayika, achotse zakutsogolozo aone ngati tsinde likuyamba ndi l. Mwana wokulira pa mabuku akale a kutchalitchi adzalemba "ndiri" ndi "mau". Sikuti ndi umbuli, ndi kalembedwe kakale, ingomuuzani kuti pa mayeso alembe "ndili" ndi "mawu". Chimodzimodzi wochokera ku Chipata kapena ku Lusaka, kumene amalemba "cinthu" pamene ku Malawi timalemba "chinthu".

Lachitatu ndi kachizindikiro kam'mwamba ka m'mawu monga "ng'ombe" ndi "m'nyumba". Kali ndi ntchito ziwiri zosiyana zimene ana amaziphatikiza. Mu "ng'ombe", "ng'ona" ndi "pang'ono" kamasonyeza liwu losiyana ndi la mu "ngozi" kapena "ngolo". Mu "m'mudzi" ndi "n'chiyani" kamasonyeza kuti lembo lachotsedwa, "mu" wafupika, "ndi" wafupika. Ana ena amakamwaza paliponse pamene pali m, n'kulemba "m'tengo" kapena "m'nyamata". Funso lowathandiza ndi ili: kodi apa ndingabwezeretse "mu" wotanthauza m'kati? Ngati ayi, kawirikawiri kachizindikiroko sikafunika.

Gulu lachinayi ndilo lalikulu, ndipo ndi limene limasokoneza tanthauzo: kudula ndi kuphatikiza mawu. Mneni amalembedwa pamodzi ndi timagawo take tonse. "Sindinamuone" ndi mawu amodzi, osati "si ndi na muone". "Ndikupita" ndi ine amene ndili pa ulendo, pomwe "ndi kupita" ndi zina, monga mu "anadya ndi kupita". "Mwana wamkulu" ndi mwana amene ndi wamkulu, koma "mwana wa mkulu" ndi wobadwa kwa mkuluyo. Ku, pa ndi mu zimaphatikana ndi dzina wamba, "kumunda", "pakhomo", koma zimaima pazokha patsogolo pa dzina la malo: "ku Mzuzu", "pa Dedza". A waulemu naye amaima payekha pa dzina la munthu, "a Phiri", koma amaphatikana mu "amayi" ndi "agogo". Gulu limeneli limakonzeka bwino ndi lembetso lalifupi, ziganizo 3 kawiri pasabata, ana n'kudzichongera okha pomwepo poyang'ana pabolodi. Lembetso limene mphunzitsi amabweza patatha masabata awiri siliphunzitsa kanthu, mwana amakhala ataiwala chimene ankaganiza polakwitsa.

Masipelo a Chingerezi

Kuno vuto limasintha nkhope. Chichewa chili ndi malembo a liwu 5 ndipo lililonse limamveka mwamtundu umodzi, pomwe Chingerezi chili ndi maliwu ochuluka kuposa malembo ake. Mwana amalemba zimene khutu lake la Chichewa lamva: "leave" ndi "live" zimamveka chimodzimodzi, "staff" ndi "stuff", "heart", "hurt" ndi "hat" chimodzimodzinso. L ndi r zimabweranso: "pray" ndi "play", "correct" ndi "collect". Mawu otere musawaphunzitse paokha. Aikeni m'ziganizo ziwiri zoyandikana kuti tanthauzo ndilo lizikumbutsa malembo.

Choipa kwambiri ndi chimene sichioneka papepala. Mwana akakayika masipelo a mawu amene akuwafuna, amawazemba n'kuika osavuta. Ankafuna kulemba "exhausted", walemba "tired". Ankafuna "delicious", walemba "good". Mphunzitsi amaona chimangirizo chopanda zolakwika zambiri koma chozizira, n'kunena kuti mwanayu mawu ake ndi ochepa. Kuti mudziwe, mufunseni afotokoze pakamwa nkhani yomweyo. Ngati pakamwa pakutuluka mawu amene papepala palibe, masipelo ndiwo akumutsekereza. Ndipo cholembera chofiira chikachuluka, kuzembaku kumakula, chifukwa mwana amaphunzira kuti kuyesa mawu atsopano ndi kudziitanira chilango.

Njira yothandiza ndi kuchepetsa. Mwana aliyense akhale ndi tsamba kumapeto kwa kope la mawu amene iyeyo amalakwitsa, osati ochokera pa mndandanda wa m'buku. Pasabata atengepo 5 mpaka 8. Pa mawu aliwonse ayang'ane, atchule, apeze malo enieni amene amamupunthwitsa n'kuwadula mzere, aphimbe ndi dzanja, alembe kuchokera m'mutu, avundukule n'kufananiza. Abwereze mawa lake, pakatha masiku 3, ndi pakatha sabata. Mawu akatuluka bwino maulendo atatu otsatizana achoke pa mndandanda. Kuphimbako ndiye mwini nkhani. Chilango chakuti "lemba mawu awa ka 50" chimalephera pachifukwa chomwechi: kuyambira mzere wachitatu mwana amangokopera za pamwamba, ena mpaka amalemba lembo loyamba kutsika tsamba lonse, kenaka lachiwiri, osawaona n'komwe mawuwo.

Aphunzitseninso mabanja a mawu. Wodziwa "sign" sangavutike ndi g wa mu "signature" ndi "signal", ndipo "signature" ndi amene amamukumbutsa g wosamveka wa mu "sign". Pochonga, musamakonzere mwana mawu aliwonse. Ikani kadontho m'mphepete mwa mzere umene muli cholakwika, iye achifufuze yekha ndi mtanthauziramawu kapena ndi mnzake.

Foni nayo imanenedwa kwambiri. N'zoona kuti "kut", "nde" ndi "bcoz" za pa WhatsApp zimalowerera m'makope, ndipo foni yomalizitsa yokha mawu siphunzitsa dzanja. Koma masipelo ankavuta mafoni asanabwere, ndipo mwana amene amalemba mauthenga tsiku lonse ndiye kuti kulemba amakukonda. Mupatseni uthenga wachidule wotere ausandutse Chichewa kapena Chingerezi cha pa mayeso. Akazolowera kuona kuti ndi kalembedwe kuwiri kosiyana, kosankha malinga ndi amene ukumulembera, kusakaniza kumachepa.

Pa tsiku lolemba chimangirizo

Zonsezi zimatenga miyezi, koma pali chimene mwana angachite ngakhale mawa: kugawa ntchito kuti mutu usasenze zonse pakamodzi. Pa chimangirizo cha mphindi 45, mphindi 5 zoyamba alembe mfundo zake mwachidule, mawu awiri kapena atatu pa mfundo, n'kuziika manambala. Mfundo zikakhala papepala sizithawanso dzanja likachedwa. Mphindi 33 kapena 35 alembe osaima. Akafika pa mawu okayikitsa, alembe momwe akuganizira, aike kadontho ka pensulo pansi pake, apitirire. Mphindi zotsalazo abwerere ku timadontho tija, kenaka awerenge kuyambira chiganizo chomaliza kukwera m'mwamba. Kuwerenga chobwerera kumaletsa maso kuthamanga ndi nkhani, ndiye zolakwika zimaoneka. Pokonza, adule ndi mzere umodzi n'kulemba pamwamba pake. Kudinda lembo latsopano pa lakale kumasiya chidontho chimene wochonga sangadziwe ngati ndi a kapena e.

Makolo kunyumba angathandize popanda kudziwa malamulo onsewa. Mwana azilemba zinthu zenizeni: mndandanda wa zogula, kalata yopita kwa agogo, mfundo za msonkhano wa banki m'khonde. Kenaka wina m'nyumbamo awerenge mokweza monga momwe zalembedwera, osakonza. Mwana akamva "amapita" pamene iye amafuna "anapita", adziwa yekha lembo lofunika kulisamala.

Pali ana ochepa amene ngakhale mutachita zonsezi kwa temu yathunthu sasintha. Amalemba mawu amodzi mwanjira zitatu patsamba limodzi, amadumpha maphatikizo, amatembenuza b ndi d ali Fomu 2, kapena dzanja limawawa kwenikweni. Yambani ndi kuwayezetsa maso kuchipatala, chifukwa wosaona bwino pabolodi amakopera zolakwika n'kuziloweza. Maso akakhala bwino, funani mphunzitsi wa maphunziro a ana ofunika thandizo lapadera, monga amene amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu, kudzera kwa ahedi kapena ku ofesi ya maphunziro ya boma lanu. Sungani zitsanzo za ntchito ya mwanayo zokhala ndi masiku, pamodzi ndi manambala a kuyeza kuja, ndipo nkhani yake ikambidwe nthawi yolembetsa mayeso a MANEB isanakwane, osati mwezi wa mayeso utafika.